Za Kudziyesa, Kudzikuza ndi Chilungamo Chochita Kupatsidwa

Mwa machimo onse amene mlaliki angatchule ataima pa guwa, palibe limene omvera amalivomereza msanga kuti lilipo m'dziko, koma nalisowa msanga m'mitima mwa iwo eni, monga tchimo la kudzikuza. Woledzera amadziwika ndi mayendedwe ake, wakuba amalondoledwa ndi mapazi ake, ndipo wachigololo, kaya achedwe chotani, mlandu wake umafika ndithu pabwalo la mfumu kapena pamaso pa akulu a mpingo. Koma wodzikuza akhoza kukhala pa mpando wa kutsogolo zaka 40, akuimba ndi mawu okoma, akupereka chakhumi chake mwezi ndi mwezi, osadulidwapo ngakhale kamodzi, mpaka tsiku limene anthu adzamnyamula kunka naye kumanda akumtamanda, nthenda imene inali kumudya isanaonedwe ndi munthu aliyense, ngakhale mwini wake. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwu sunagwe pena paliponse moyenera monga pano.

Apa ndipo pagona funso limene lavutitsa Akhristu oganiza mozama kuyambira masiku a atumwi. Malembo amalamula wokhulupirira kuti azidziyesa yekha, ndipo Paulo analembera mpingo wa ku Korinto za lamuloli kawiri, koyamba ponena za Mgonero wa Ambuye, kachiwiri ponena za chikhulupiriro chenichenicho, ngati chilimo mwa iwo kapena ayi. Koma munthu adzadziyesa bwanji pa tchimo limene ntchito yake yoyamba ndiyo kukhotetsa muyeso, kugula mboni, ndi kudzikhazika lokha pa mpando wa woweruza? Ndipo akadziyesa, napeza zimene adzapezazo, adzaimirira pa chiyani pamaso pa Iye amene alibe tsankho? Ine ndiona kuti mafunso awiriwa ndi amodzi, ndi kuti munthu amene sanayankhe lachiwiri sangathe kuyankha loyamba popanda kudzinyenga.

Fanizo la Mfarisi ndi wamsonkho, limene Luka yekha analemba m'mutu wa 18 wa Uthenga wake, tinalidziwa tikadali ku Sande sukulu, ndipo kulizolowera kumeneku ndiko kwatichititsa khungu, pakuti timamuona Mfarisi ngati woipa wodziwika, wonyenga amene aliyense akadamloza chala. Sizinali choncho kwa amene anamva fanizoli koyamba. Mfarisi uja sananame ngakhale m'mawu amodzi. Chilamulo cha Mose chinaika tsiku limodzi lokha pachaka loti Mwisraeli aliyense adzichepetse ndi kusala, ndilo Tsiku la Chitetezo, koma iye ankasala kawiri sabata iliyonse. Chakhumi ankapereka pa chilichonse cholowa m'dzanja lake. Sanalande cha munthu, sanaphwanye banja la mnzake. Ndipo pemphero lake analiyamba ndi kuyamika Mulungu, monga ayenera kuchitira munthu wophunzitsidwa bwino. Wotere akadafika mumpingo mwathu lero, tikadamsankha kukhala mkulu wa mpingo chaka chomwecho. Ndipo chimene chiyenera kutiopsa koposa ndi chakuti pemphero lake lonse linali kudziyesa. Anadzisanthula mwadongosolo, mbali ya zoletsedwa ndi mbali ya zolamulidwa, nadzipeza wokwanira. Koma muyeso wake unali munthu wina amene anaima chapatali m'bwalo lomwelo la Kachisi, ndipo chigamulo anachipereka yekha, Mulungu nkungomuitana kuti adzakhale mboni ya mlandu wotha kale.

Wamsonkhoyo naye sanali munthu wongonamiziridwa. Amisonkho a nthawi imeneyo ankatolera ndalama za olamulira, ndipo phindu lawo linali m'zimene ankawonjezera pamwamba pa msonkho, kotero kuti anthu ankadana nawo pa chifukwa chomveka. Ameneyu anaima patali, nkhope ili pansi, akudziguguda pachifuwa, ndipo m'malo mwa mndandanda wa ntchito anadza ndi pempho limodzi, lakuti achitiridwe chifundo. Sanalonjeze kubweza za eni, monga anachitira Zakeyu m'mutu wotsatira. Kapena anabweza pambuyo pake, koma Yesu sanadikire zimenezo kuti agamule kuti amene anabwerera kunyumba atalandiridwa ngati wolungama ndi ameneyu, ndi kuti wosala kudya uja anabwerera monga anadzera. Chilungamo chimene wamsonkho anapita nacho kwawo sanabwere nacho, sanachipange ali m'Kachisimo, ndipo analibe choti achigulire, anachita kupatsidwa.

Komatu mtima wa munthu ndi wochenjera kuposa mmene timauganizira, ndipo unaphunzira kale kuvala mawu a wamsonkho pamwamba pa mzimu wa Mfarisi. Ndamvapo m'misonkhano ya mapemphero maumboni amene, ukawatchera khutu bwino, umaona kuti akupikisana: wina akuti ndinali chidakwa chogona m'ngalande, wina naimirira nati ine ndiye ndinali woipitsitsa, ndinkayenda ndi zithumwa m'chiuno, anthu nkumaomba m'manja molingana ndi kuya kwa dzenje limene munthu watulukamo. Sindikayika kuti ambiri mwa iwo amanena zoona, ndi kuti Mulungu anawachitiradi zazikulu. Koma pamene umboni watha, ndipo chotsala m'makutu mwa anthu ndi dzina la wopulumutsidwa kuposa la Mpulumutsi, kudzikuza kwalowa podzera pa khomo la kudzichepetsa.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, mzinda umene lero ukutchedwa Annaba m'dziko la Algeria, anaona chimene chimasiyanitsa tchimoli ndi ena onse: machimo ena amakhala m'ntchito zoipa, koma kudzikuza kumabisalira ntchito zabwino kuti kuziononge. Mlimi wa chimanga amadziwa chinthu chofanana ndi chimenechi. Kaufiti samera payekha monga udzu wina. Njere yake, yaing'ono ngati fumbi, imagona m'nthaka zaka zambiri kudikira muzu wa chimanga kapena wa mapira, ndipo ikaumva imamera ndi kudziphatika pamenepo, nkumayamwa mobisika pansi, kotero kuti pamene timaluwa take tofiira tokongola tija taonekera pamwamba, chimanga chapinimbira kale, masamba achita chikasu ngati kuli chilala pamene mvula ikugwa. Momwemonso kudzikuza kulibe chakudya chakechake. Kumadya kusala kwathu, kupereka kwathu, kudziletsa kwathu, ngakhale kulapa kwathu. Ndipo alangizi a zaulimi amatiuza chinanso choyenera kuchisunga, chakuti kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndi kuti ngakhale kumzula asanabereke njere kumathandiza, munda suchira ndi kuzula kokha, koma pamene nthaka yabwezeredwa chonde chimene yokha sikadatha kudzipatsa.

Mkangano waukulu woyamba pa nkhaniyi unabuka pakati pa Augustine yemweyo ndi Pelagius, munthu wa ku Britain amene anakhala zaka zambiri ku Roma akuphunzitsa moyo wodziletsa. Tisamuyese Pelagius munthu wotayirira. Chimene chinamuwawa chinali ulesi wa Akhristu a mumzindamo, amene ankachimwa nkumati ndife anthu ofooka. Iye anaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe, kuti tchimo la Adamu linatisiyira chitsanzo choipa koma silinaononge chibadwa chathu, ndi kuti wofunitsitsa akhoza kusunga malamulo ndi mphamvu imene anapatsidwa polengedwa. Augustine, amene anabadwa mu 354 nabatizidwa ndi Ambrose ku Milan mu 387 atalimbana ndi zilakolako zake zaka zambiri nalephera, anadziwa za m'thupi mwake kuti chifuniro chenichenicho ndicho chodwala, ndi kuti kuuza wodwala kuti afunitsitse sikumchiritsa. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo wina ku Orange mu 529 unatsimikiza kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro, kufuna komwe kuti munthu athandizidwe, ndi mphatso ya chisomo. Komabe chiphunzitso chokanidwa m'misonkhano sichinafe m'mitima, pakuti munthu aliyense amabadwa nacho, ndipo chimatsitsimuka nthawi iliyonse pamene tiona mnzathu atagwa, mumtima nkunena kuti akadalimbika monga ine sakadagwa.

Pali wodziyesa nadzipeza wokwanira, palinso wodziyesa kosalekeza nasowa pothera, ndipo wachiwiriyu timamuona mwa Martin Luther ali mnyamata. Analowa m'nyumba ya amonke a chipani cha Augustine ku Erfurt mu 1505, nachita zonse zimene moyo umenewo unafuna, ndi kupitirira apo: kusala, kuchezera usiku m'mapemphero, ndi kuulula machimo kwa maola ambiri, akufukula ndi zazing'ono zomwe, akatuluka nkubwereranso chifukwa wakumbukira china, kapena chifukwa wayamba kukayika ngati chisoni chake chinali chokwanira. Mkulu wake, Johann von Staupitz, anamlangiza kuti aleke kudzikumba, ayang'ane mabala a Khristu. Ambiri amayesa mkhalidwe wotere kudzichepetsa kopambana, koma ine ndiganiza kuti ndi mphwake wa kudzikuza, wobadwa mwa mayi mmodzi. Pakuti wodzitama ndi wotaya mtima agwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mlandu wawo udzatha ndi zimene zidzapezeke mwa iwo eni. Woyamba wawerenga napeza zokwanira, wachiwiri wawerenga napeza zoperewera, koma onse awiri akuwerenga chuma chawochawo. Luther mwini wake, pophunzitsa kalata ya Aroma ku Wittenberg mu 1515 ndi 1516, ananena za mtima wa munthu ngati chinthu chopindikira mwa icho chokha, chimene chimatha kugwiritsa ntchito ngakhale Mulungu pofuna zake.

Kumasuka kwake, monga anafotokozera yekha mu 1545, chaka chimodzi asanamwalire, kunadza pamene anaona kuti chilungamo cha Mulungu chimene Paulo akulalikira kwa Aroma ndi mphatso imene Mulungu amaveka nayo wochimwa wokhulupirira, pamene iye masiku onse ankachiyesa ndodo yolangira. Chiphunzitsochi chikuti Mulungu, amene sangatche choipa chabwino, amalandira wochimwa ngati wolungama chifukwa cha Khristu, amene anamvera pamene ife tinapanduka, nasenza pa mtanda chilango cha kupanduka kwathu. Ndipo chikhulupiriro chimene munthu amalandira nacho zimenezi si ntchito ina yatsopano yoti adzitame nayo, koma dzanja lopanda kanthu lotambasulidwa. Paulo anali ndi zambiri zoti awerenge kuposa Mfarisi wa m'fanizo uja, ndipo polembera Afilipi anaziwerengadi: mdulidwe wa pa tsiku lake loyenera, fuko la Benjamini, Uhebri wosasakanizika, changu chofika pozunza mpingo, ndi mbiri yopanda banga pa za chilamulo. Sanati zimenezi zinali zabodza. Anazichotsa ku mbali ya phindu naziika ku mbali ya chitayiko, kuti apezeke ali ndi chilungamo chosachokera mwa iye. Pokambanso za Abrahamu anakumbutsa Aroma kuti kholo lija linayesedwa lolungama lisanalandire chizindikiro cha mdulidwe, kuti pasakhale wonena kuti chizindikirocho ndicho chinagula chiyanjano.

Tsono taonani chimene chiphunzitsochi chimachita pa kudziyesa, pakuti apa ndipo pali phata la nkhani yonse. Munthu amene kulandiridwa kwake kwapachikika pa zimene adzapeze mumtima mwake sangafufuze moona. Adzachepetsa ichi, adzabisa icho, chinacho adzachipezera dzina lokoma, kuuma mtima nkukutcha kuima pa choonadi, nsanje nkuitcha kudera nkhawa mpingo, kukonda ulemu nkukutcha kusunga mwambo. Koma munthu amene wamva kuti mlandu wake unathera pa Gologota, ndi kuti chimene adzapeze lero, ngakhale chinyanse chotani, Mulungu anachidziwa kale pamene anamlandira, ameneyo yekha ndiye angatsegule zipinda zonse za mtima wake osaopa kuti adzathamangitsidwa pakhomo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo ambiri afera m'machimo amene akadachira, chifukwa kuvomera kukadagwetsa chinthu chokhacho chimene anaimirirapo, ndiyo mbiri yawo pakati pa anthu. Chisomo ndicho chimachititsa kuti kudziyesa koona kutheke.

Pa mfundo zina za chiphunzitsochi mipingo inagawanika, ndipo sikoyenera kubisa. Msonkhano wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent, m'chigamulo chake cha mu 1547, unaphunzitsa kuti kulungamitsidwa sikukhululukidwa kokha, komanso kukonzedwa mwatsopano kwa munthu wa m'kati ndi chisomo chothiridwa mwa iye, chimene munthuyo amagwirizana nacho. Pamene otsatira Luther ndi Calvin anaumirira kuti maziko a kulandiridwa kwathu ali kunja kwa ife, mwa Khristu yekha, ndi kuti kusinthika kwa moyo ndi chipatso chotsatira, chosalekana ndi kulandiridwako koma chosasokonezeka nako. Kusiyana kumeneku si kwachabe, ndipo ine ndiima ndi achiwiriwa, chifukwa chikumbumtima chovutika chimafuna poponda pamene sipagwedezeka ndi kusinthasintha kwa mtima. Komabe msonkhano womwewo wa ku Trent unavomereza kuti palibe chotsogolera kulungamitsidwa, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chimene chingagule chisomocho. Ndipo pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, nthumwi za Mpingo wa Katolika ndi za chigwirizano cha mipingo ya Lutheran pa dziko lonse zinasaina chikalata chovomerezana kuti kulandiridwa kwathu ndi kwa chisomo chokha, mwa kukhulupirira ntchito ya Khristu, popanda kuyenera kwathu. A Methodist analowa m'chivomerezocho mu 2006, ndipo chigwirizano cha mipingo ya Reformed mu 2017. Mkatolika wopita kukalapa kwa wansembe ndi Mpresibateriya wokonzekera Mgonero alibe chonyozerana pa nkhaniyi, ndipo akanyozana aonetsa kuti chiphunzitso cha chisomo nachonso chikhoza kusanduka chodzitamira. Luther yemwe uja, amene anaona bwino chotere kupindika kwa mtima, analemba mawu aukali oopsa otsutsa alimi oukira mu 1525, ndi ena oipitsitsa onyoza Ayuda mu 1543, amene mipingo yambiri ya Lutheran ya masiku ano inawakana ndi manyazi. Kudziwa njira ya chipulumutso molondola sikuzula kudzikuza pakokha.

Pali chotsutsa chakale, chimene Paulo yemwe anachimva nachiyankha m'mutu wa 6 wa Aroma: ngati chilungamo ndi chochita kupatsidwa, munthu avutikirenji? Tisachipeputse, pakuti tonse taonapo munthu wobera mnzake Loweruka, naimba za mwazi wa Yesu Lamulungu, osaona chosemphana. Yakobo analemba kalata yake chifukwa cha otere, ndipo Dietrich Bonhoeffer, mbusa wa ku Germany amene ananyongedwa ndi boma la Hitler mu Epulo 1945, anachenjeza m'buku lake la mu 1937 za chisomo chotsika mtengo, chokhululukira tchimo osafuna kuti wochimwa atembenuke. Koma nkhani imene imandikhudza koposa ndi ya John Newton. Anayamba kufuulira kwa Mulungu m'namondwe wa panyanja mu 1748, komabe anapitiriza malonda a akapolo, nakhala woyendetsa zombo zonyamula anthu a ku Africa mpaka 1754, akuwerenga Malembo ndi kupemphera m'chipinda chake pamene pansi pa mapazi ake panali anthu omangidwa maunyolo. Ankadziyesa ndithu, koma tchimo lalikulu limene linkamdyetsa sanalione, chifukwa olemekezeka ambiri a m'nthawi yake sankaliona. Panapita zaka zoposa 30 kuti alembe poyera, mu 1788, kuulula ndi manyazi zimene anachita ndi kuthandiza olimbana ndi malondawo. Chisomo chinamlandira ali wakhungu chotero, ndipo chisomo chomwecho sichinamsiye ali wakhungu. Koma khungu lakelo analilipira ndi anthu ena, ndipo zimenezi ziyenera kutiopsa ife amene kudziyesa kwathu kumathera pa zazing'ono za m'chipinda, osafika pa sikelo ya pamsika, pa malipiro a wantchito wapakhomo, kapena pa malire a munda wa mkazi wamasiye. Katekisima wa ku Heidelberg wa mu 1563, amene mipingo yobadwa mwa Dutch Reformed, monga Sinodi ya Nkhoma, inalandira monga cholowa, anaika zinthu m'dongosolo lake: poyamba munthu adziwe tsoka lake, kenaka chiombolo chake, ndipo pomaliza chiyamiko, ndipo Malamulo Khumi anawafotokoza m'gawo lachitatulo, kusonyeza kuti ntchito zabwino ndi yankho la woomboledwa, limene likasowa tiyenera kukayika ngati chiombolocho chinamvekadi.

Nanga kudzikuza, popeza kumabisala chotero, tidzakupeza kuti? Ndiganiza kuti Malembo atiuza poyang'ana, ndipo ndi pamene anthu akhala pansi kuti adye. Lamulo lija lakuti munthu adziyese asanadye mkate ndi kumwera chikho timaliwerenga ngati kuti linalembedwa kwa munthu ali yekha ndi chikumbumtima chake. Koma mlandu wa ku Korinto unali wakuti opeza bwino ankayamba kudya zawo mpaka ena kuledzera, osowa nkukhala ndi njala, nachita manyazi pamaso pa mpingo. Ku Antiokeya nako, monga Paulo anafotokozera Agalatiya, Petro ankadya pamodzi ndi okhulupirira a mitundu ina, koma atafika anthu ochokera kwa Yakobo anayamba kudzipatula, mpaka Barnaba yemwe anatengeka. Ndipo Paulo, pomtsutsa pamaso pa onse, sanamphunzitse za makhalidwe a paphwando, koma anamkumbutsa mmene munthu amayesedwera wolungama. Kwa Paulo, kusuntha mpando kuchoka pafupi ndi m'bale kunali kukana chisomo, ngakhale pakamwa pakuchivomereza.

Mwambo wa chilango mumpingo, umene ambiri a ife tinalandira kwa amishoni a ku Scotland ndi a ku South Africa, uli ndi malo ake, ndipo sindili mwa amene afuna kuuthetsa, pakuti mpingo wosadzudzula tchimo wataya chikondi pa wochimwa. Koma ndikumbukira Lamulungu lina la Mgonero m'tchalitchi cha kumudzi, pamene mtsikana amene anadulidwa chifukwa chotenga pathupi asanakwatiwe anabwezedwa, nthawi yake ya chilango itatha. Dzina lake linawerengedwa, iye naimirira mwana ali kumsana, maso ali pansi, zala zikupotokola nsonga ya chitenje. Ndipo pamene anapita kukakhala pa benchi la akudya Mgonero, amayi awiri ovala yunifolomu ya bungwe la amayi anasendera pang'ono, mwakachetechete, nasiya mpata wa munthu mmodzi pakati pa iwo ndi iye. Mwamuna amene anampatsa pathupipo panalibe womuitana. Palibe amene analankhula choipa. Nyimbo inaimbidwa, mkate unayenda, chikho chinayenda. Koma mpata uja unalalikira ulaliki wina, wakuti ena afika pa gome la Ambuye ndi chilungamo chawo, ndipo mmodzi yekha ndiye wafika ndi chopatsidwa. Amayi amenewo sali oipa kuposa ife. Ndi anthu amene amachezera pamaliro, amaphikira odwala kuchipatala, ndipo kapena usiku wa Loweruka anadziyesa moona mtima pa za mkwiyo ndi miseche. Chimene sanadzifunse ndi chakuti mtima wawo unamva chiyani pamene dzina la mtsikanayo linawerengedwa.

Limeneli ndilo funso lofika pa muzu, pakuti kudzikuza sikuoneka tikakufunafuna mwachindunji, koma kumadziulula m'zimene timamva za anthu ena: kakomedwe kobisika kamene kamadza tikamva kuti wakutiwakuti wagwa, ngati kuti sitinamvepo kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, kuwawa kumene kumatigwira pamene wofika mochedwa alandira ulemu wofanana ndi wathu, monga antchito a m'munda wamphesa aja amene anang'ung'udza pa malipiro ngakhale sanamanidwe kanthu, moto umene umayaka m'chifuwa pamene wamng'ono kwa ife atidzudzula, ndi kulemera kwa lilime pamene tiyenera kunena kuti ndalakwa pamaso pa mkazi kapena mwana wathu.

Ndipo popeza munthu sadziona yekha kumsana, kudziyesa kwa Mkhristu kumafuna wina. Davide anakhala miyezi yambiri ndi mlandu wa Uriya akuweruza milandu ya anthu ena, ndipo chikumbumtima chake chinali chamoyo ndithu, pakuti atamva za wolemera wolanda kamwana ka nkhosa ka wosauka anapsa mtima, nati munthuyo ayenera kufa; chimene chinasowa chinali Natani woti amlozere kumene chigamulocho chiyenera kugwera. Munthu amene alibe aliyense womuuza zoona, kaya ndi mbusa, kaya mkulu wa mpingo, kaya mwini nyumba, adzifunse chifukwa chake onse omzungulira anasankha kukhala chete. Komanso kudziyesaku kukhale ndi malire. Paulo anauza Akorinto kuti iye sakhala woweruza wa mlandu wake, ndi kuti ngakhale chikumbumtima chake chitakhala chosamtsutsa, si chimenecho chimene chimamlungamitsa, popeza woweruza ndi Ambuye. Munthu ayang'ane moona, avomere chimene wapeza, akonze chimene chingakonzeke ndi amene anamlakwira, ndipo adzuke apite ku ntchito yake. Pakuti wokhala tsiku lonse akudzifunsa ngati wadzichepetsa mokwanira akadali wotanganidwa ndi munthu yemweyo amene anayamba naye m'mawa.

Za mtsikana uja ndi ena onga iye, ndikadakonda kuti akulu a mpingo, amene ali ndi mphamvu ya kudula ndi kubweza, aganizirenso mmene amabwezera. Paulo analangiza Agalatiya kuti wogwa adzutsidwe mofatsa, odzutsawo akudziyang'anira okha, ndipo za munthu amene Akorinto anamlanga anapempha kuti amkhululukire ndi kumtonthoza, chisoni chisanammize. Ngati dzina limawerengedwa poyera podula, pobweza pakhale mkulu wa mpingo wotsika pa mpando wake kukamgwira dzanja wobwezedwayo ndi kukhala naye pa benchi limodzi, anthu onse akuona. Ndipo akulu amene anadziwa njira ya kwa mtsikanayo asasowe njira ya kwa mwamunayo, ngakhale atakhala mwana wa msungichuma wa mpingo.